Kumene Injini Zikuloza

Awa ndi mawu amene mmodzi wa ife, yemwe ali pa ntchito ya boma ku Lilongwe, adalankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu. Tawasindikiza monga adatipatsira kaamba koti ambiri amene adakhala kumbuyo kwa holo adadandaula kuti manambala adawadutsa.

Bambo Wapampando, a Mphunzitsi Wamkulu, aphunzitsi athu opuma amene mwatilemekeza pobwera, anzanga amene tidadyera limodzi nsima ya mgaiwa ndi nyemba pa sukulu ino, amayi ndi abambo.

Komiti idandipempha kuti ndilankhule za chinthu chimene sichikhudza ntchito yanga ya ku ofesi, ndipo ndikuithokoza, chifukwa mukadandilola kulankhula za mafayilo bwenzi theka la holo ino litagona chakudya chamasana chisanafike. Ndasankha ndege zing'onozing'ono zoyendetsa ndi wailesi, makamaka za injini ziwiri ngati iyi ili patebuloyi, ndipo pa ndegezo ndatengapo funso limodzi lokha: injini ziwirizi ziziloza kuti?

Ndikuona ena akumwetulira. Funsoli likumveka ngati la mwana. Injini iziloza kutsogolo, nanga ingalozenso kuti? Komatu okonda masewerawa akhala akukangana pa nkhaniyi kwa zaka zambiri, ndipo mkangano wonse ndi wa madigiri awiri kapena atatu, amene diso silingawaone.

Ndiyambe ndafotokoza chimene munthu amataya zinthu zikalakwika. Ndege iyi mapiko ake ndi otalika mita 1.6 kuchokera kunsonga kufika kunsonga, ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 3. Ndi ya matabwa opepuka a balsa ndi plywood. Kuimanga kumadya madzulo a miyezi ingapo, ndipo injini, wailesi ndi tizipangizo tina nzoitanitsa kunja. Mukudziwa nokha momwe thumba limawawira munthu akamaitanitsa katundu kunja. Zonsezo zikhoza kusanduka nkhuni m'masekondi atatu. Choposa apo nchakuti makilogalamu 3 othamanga, okhala ndi mapulopela awiri akuthwa kutsogolo kwake, akagwera pa munthu amavulaza kwambiri, ndipo kulikonse kumene tiulutsa ndegezi ana amakhamukirako.

Tiyambe ndi ndege ya injini imodzi. Pulopela wa injini zambiri, mukamuyang'ana mutaima kumchira, amazungulira monga mivi ya wotchi. Injini ikapotoza pulopela kumanja, pulopelayo amapotoza ndege yonse kumanzere. Ili ndi lamulo lachitatu la Newton lija tinkaliloweza pokonzekera mayeso a MSCE. Chachiwiri, mphepo yochokera kwa pulopela siyenda molunjika, imapota ngati chingwe kuzungulira thupi la ndege nkukamenya chipsepse cha kumchira mbali ya kumanzere, mchira nkusunthira kumanja, mphuno kumanzere. Chachitatu, ndege ikadzutsa mphuno pokwera, tsamba la pulopela limene likutsika limaluma mphepo yambiri kuposa limene likukwera, ndipo lotsikalo lili kumanja. Zitatu zonsezi zimagwirizana pa chinthu chimodzi, kukokera ndege kumanzere. Nchifukwa chake omanga ndege zing'onozing'ono amakhotetsa injini madigiri awiri kapena atatu kumanja. Pa ndege zophunzirira za mapiko apamwamba amaiweramitsanso pang'ono pansi, kuti ukawonjezera moto ndege isadzutse mphuno mopitirira. Izi nzodziwika ndipo palibe amatsutsa.

Mukaika injini ziwiri, ina phiko ili ina phiko linalo, nkhani imasintha. Amene mudakulira kumudzi mukudziwa ngolo ya ng'ombe ziwiri pa goli limodzi. Zonse zikamakoka mofanana ngolo imalunjika. Ya kumanzere ikangoima, ya kumanja nkumakokabe, ngolo imakhotera kumanzere, kumene kuli yoimayo. Ndege nayo imakhotera ku injini yakufa. Kusiyana kwake nkwakuti ngolo ikakhota imangolowa m'munda mwa eni ake, pamene ndege ikakhota phiko lakunja limathamanga kuposa lamkati ndi kunyamuka, lamkati, limene lasowanso mphepo ya pulopela, limagwa, ndipo ndege imapendekeka nkuyamba kutsika chozondoka ikuzungulira ngati nguli.

Kukula kwa vutoli aphunzitsi athu a Physical Science adatiphunzitsa kale m'Fomu 3, ngakhale ambiri a ife tinkaganiza za belu. Mphamvu yotembenuza chinthu ndi mphamvu yokankha kuchulukitsa ndi kutalika kwa mkono wake. Bauti wokanika amamasuka ndi sipanala yaitali. Chitseko sichikankhika pafupi ndi mahinjesi. Pa ndege, malo otembenukirapo ndi pamene kulemera kwake konse kwakumana, paja imakhazikika mukainyamula ndi zala ziwiri kunsi kwa mapiko. Mkono ndi mtunda wochokera pamenepo kukafika pa mzere umene injini ikukokera. Pa ndege iyi injini iliyonse ili masentimita 25 kuchokera pakati. Imodzi ikafa, yotsalayo yagwira sipanala ya masentimita 25 ndipo ikupotoza ndi mphamvu zake zonse.

Apa ndi pamene pamabwera nzeru imene mudzaimva kwa okonda ndegezi ambiri: lozetsani injini zonse ziwiri kunja pang'ono, ya kumanja kumanja, ya kumanzere kumanzere. Amati zonse zikamalira kukhota kwake kumafafanizana, ndipo imodzi ikafa, yotsalayo, pokhala ikuloza kunja, imakokera mphuno mbali yake ndi kulimbana ndi kukhota kuja. Maganizowa si opusa ayi. Ndege ya ku Germany ya injini zitatu ya Junkers Ju 52, ya m'zaka za m'ma 1930, mukaiona pa chithunzi chojambulidwa kuchokera pamwamba muona kuti injini zake za m'mapiko nzotagadza. Ndege ya pamadzi ya ku Britain ya Short Sunderland nayo idali ndi injini zoloza kunja, ngakhale kuti kumeneko chidachititsa nchina: okonza adabweza mapiko m'mbuyo pang'ono pofuna kukonza kulemera, injini nkutembenukira limodzi ndi mapikowo. Mwa njira, abale ake a Sunderland, otchedwa Solent, ndiwo ankatera pa nyanja yathu ku Cape Maclear mu 1949 ndi 1950 pa ulendo wa BOAC wa pakati pa England ndi South Africa.

Koma tiyeni tiwerengere, poti tonse muno tidakhalapo m'kalasi la masamu. Pulopela wa ndege iyi ali masentimita 15 kutsogolo kwa malo okumana kulemera aja. Ndikalozetsa injini kunja madigiri 3, gawo la mphamvu yake limene likukokera m'mbali ndi sine wa madigiri 3, amene ndi 0.052. Kuchulukitsa ndi masentimita 15 tipeza mamilimita 8. Ndiye kuti sipanala ija yafupika kuchoka pa masentimita 25 kufika pa 24.2. Taphulapo magawo 3 pa 100 alionse. Ndikachita madigiri 6, amene pa ndege amaoneka kale ngati munthu wa matewe, ndiphulapo magawo 7. Kuti mkonowo utheretu, injini iyenera kuloza kunja pafupifupi madigiri 60, ndipo chinthu chotero sitingachitchenso ndege.

Chilungamo chake, pali phindu lina limene masamu ophwekawa sakuliwerenga. Injini yoloza kunja imaponyera mphepo yake mkati, cha kumchira, ndipo pa ndege zina zimenezi zimapatsa chiwongolero cha kumchira mphepo yogwirira ntchito. Komanso kulozetsa kunja madigiri 3 sikuwononga kanthu. Mphamvu yopita kutsogolo imene imatayika siifika ngakhale gawo limodzi pa 500. Choncho amene amachita zimenezi sindikangana nawo. Chimene ndimakana nchakuti munthu aike mawasha awiri kuseri kwa injini nkumagona tulo poganiza kuti wagula inshuwalansi. Magawo 97 a vuto akadali pomwepo.

Manambala omwewa amatiuza chinthu china chimene ndikufuna muchigwire. Mphamvu yokoka ya pulopela, ndege ili pansi, imakwera motsata sikweya ya liwiro limene akuzungulira. Injini ina ikamazungulira ka 11,000 pa mphindi, inzake ka 11,500, kusiyana kwa liwiro nkosakwana magawo 5 pa 100, koma kusiyana kwa mphamvu yokoka ndi magawo 9. Magawo 9 pa mkono wa masentimita 25 ndi chimodzimodzi mphamvu yonse ya injini imodzi pa mkono wa masentimita oposa 2. Yerekezani ndi mamilimita 8 aja. Kusamvana pang'ono kwa injini ziwiri zamoyo kumapotoza ndege pafupifupi katatu kuposa zimene madigiri 3 angakonze.

Kusamvanako khutu limakumva. Injini ziwiri zikasiyana pang'ono, kulira kwake kumakwera ndi kutsika ngati mafunde. Kusiyana kwa maulendo 60 pa mphindi kumapereka funde limodzi pa sekondi. Kwa 300, mafunde asanu. Mafundewo akamachedwa ndiye kuti injini zayandikana. Pano pali msampha umene wapha ndege zambiri. Injini zathu zamafuta zimamwa methanol wosakaniza ndi oyilo ndi nitromethane pang'ono, ndipo zili ndi kasingano kochepetsera kapena kuwonjezera mafuta. Ukachepetsa mafuta injini imathamanga ndi kulira mokoma, koma imatentha, ndipo mumlengalenga imazima. Munthu akamva kuti injini ina ikutsalira, dzanja limathamangira kukafinya kasingano kake kuti ifanane ndi inzake. Njira yabwino ndi yosiyana ndi imeneyo: tcherani injini iliyonse payokha, inzake itazima, isiyeni ikumwa mafuta ochulukirapo pang'ono, ndipo ngati zasiyana, bwezani yamphamvuyo kuti idikire yofookayo. Kusiyana kwa maulendo 200 chiwongolero chimakumeza bwinobwino. Injini yozima sichiimeza.

Kodi pamenepa ndikunena kuti kumene injini zikuloza kulibe ntchito? Iyayi. Kuli ndi ntchito yaikulu, koma ntchito yake ndi ya tsiku ndi tsiku, injini zonse zili moyo, osati ya tsiku la tsoka. Chofunika nchakuti madigiri amene ali pa ndege akhale amene mudawafuna ndipo mudawayeza, osati amene adabwera okha pomwe guluu ankauma.

Ndipereke chitsanzo cha kuweramira pansi, chimene ambiri sachiyang'ana. Tinene kuti injini ya kumanzere yaweramira pansi madigiri 2 pamene ya kumanja yalunjika. Ya kumanzereyo ikukokera phiko lake pansi, ndipo ikutero itagwira mkono wonse wa masentimita 25. Ukawonjezera moto ndege ipendekera kumanzere. Uikonza pa wailesi kuti iwongoke. Ukachepetsa moto kuti utere, chokoka chija chachoka koma chokonza chako chikadalipo, ndiye ndege ipendekera kumanja, nthawi yomwe ili pafupi ndi nthaka ndipo ilibe liwiro. Mwini wake adzanena kuti ndegeyi ili ndi mfiti. Mfiti yake ndi milimita imodzi ndi theka pa thabwa lomangirapo injini.

Pamenepa pali chizindikiro chothandiza kusiyanitsa matenda. Ndege ikamasintha khalidwe nthawi yomweyo imene mwasuntha moto, liwiro lisanasinthe, vuto lili pa injini, kumene ikuloza kapena mphamvu yake. Ikamasintha pang'onopang'ono pamene liwiro likukwera kapena kutsika, vuto lili m'thupi: phiko lopotoka, mchira wokhota, kapena kulemera kosakhala pamalo pake. Kuyesa kwake nkosavuta. Kwezani ndege m'mwamba ndithu, iwongoleni pa moto wonse mpaka iziyenda yokha, kenaka tsitsani moto mwadzidzidzi ndi kuyang'ana sekondi yoyamba. Ikadzutsa mphuno, injini zaweramira pansi mopitirira. Ikagwetsa mphuno msangamsanga, zikuloza m'mwamba. Ikatembenuka kapena kupendekeka, injini ziwirizo sizikugwirizana.

Kuyeza sikufuna zipangizo zodula. Choyamba kokani ulusi kuchokera pakati pa mphuno kufika pakati pa mchira. Umenewo ndiwo mzere umene zonse ziyezedwa kuchokerapo. Chotsani mapulopela, mumange m'malo mwake timitengo tiwiri towongoka, totalika mofanana, tinene masentimita 25, ndipo mutigoneke chopingasa. Tengani chitsulo chowongoka, ngakhale cha makatani bola chisakhale chopindika, muchiike kutsogolo kwa timitengo tonse tiwiri, mutatsimikiza kuti chapingasa ulusi uja bwinobwino. Injini zikalunjika, nsonga zinayi zonse zikhudza chitsulo. Ngati sizikhudza, yezani mpata ndi rula. Pa kamtengo ka masentimita 25, digiri imodzi imasiyanitsa nsonga ziwiri ndi mamilimita 4.4, madigiri 2, pafupifupi mamilimita 9. Digiri imene diso limalephera kuiona, rula ya mwana wa Sitandade 5 imaiona. Kenaka yezani kuchokera kunsonga yakunja ya kamtengo kalikonse kukafika pa malo amodzi a pakati pa mchira. Mbali ziwirizo zifanane ngati mudafuna kuti injini zikhale chimodzimodzi.

Za m'mwamba ndi pansi, imikani timitengo tija chilili, ndege mutaikhazika pa tebulo losapendekeka. Kale pankafunika chida chapadera choyezera madigiri, monga chija cha kampani ya Robart. Lero foni zambiri zimayeza kupendekeka. Igunditseni pa kamtengo ka kumanzere, lembani nambala, muchitenso kumanja. Lembani ndithu, papepala, ndi tsiku lake. Apa pokha ndiye pamene chizolowezi cha m'boma chosunga mafayilo chimandithandiza, chifukwa ndege ikatera mwamphamvu kawiri katatu matabwa amasuntha, ndipo popanda nambala yakale simungadziwe kuti chasintha nchiyani.

Kukonza kwake ndi mawasha. Ngati mabauti omangira injini atalikirana mamilimita 40, washa wa mamilimita 0.7 kuseri kwa mbali imodzi amapereka digiri imodzi. Awiri, madigiri 2. Mukapeza madigiri oyenera ndi bwino kusema kathabwa kopendekera kolowa m'malo mwa mawashawo, popeza washa amalowa m'thabwa pang'onopang'ono injini ikamanjenjemera. Ndipo sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi. Mukasintha zitatu nthawi imodzi, ndege nkukhala bwino kapena kuipiratu, simudziwa choyamika kapena chodzudzula.

Nanga madigiri ake akhale angati? Ngati ndege ili ndi pulani yochokera kwa amene adaiyesa, tsatani pulaniyo. Ngati palibe, maganizo anga ndi awa, ndipo ali ndi chifukwa chake. Injini ziwirizi zikamazungulira mbali imodzi, sizofanana pa kuopsa. Kumbukirani tsamba lotsika lija, limene limakoka kwambiri ndege ikadzutsa mphuno, ndipo lili kumanja kwa pulopela aliyense. Pa injini ya kumanzere tsambalo lili mkati, pafupi ndi thupi la ndege, mkono wake ndi waufupi. Pa injini ya kumanja lili kunja, mkono wake ndi wautali. Kotero ikafa ya kumanzere, yotsalayo ndi ija ya sipanala yaitali, ndiponso kupotoza kwake kukukankhira ndege mbali yomweyo ya injini yakufa. Oyendetsa ndege zazikulu amaitcha ya kumanzereyo critical engine. Nchifukwa chake ine ndimasiya ya kumanzere yolunjika, ya kumanja nkuilozetsa kumanja madigiri 2. Zonse zikamalira, madigiriwo amalimbana ndi kukokera kumanzere kuja kwa masiku onse. Ya kumanzere ikafa, kachithandizo kochepa kaja kali mbali yoyenera. Ena amalunjikitsa zonse ziwiri nkusiyira chiwongolero ntchito yonse, ndipo ndege zawo zimauluka bwino lomwe. Kuweramira pansi kokha ndiko sindilola kuti kusiyane ngakhale theka la digiri.

Njira ina yothetsera kusafananaku ndi yakale ngati ndege yeniyeniyo. Ndege ya Wilbur ndi Orville Wright, imene idauluka pa 17 Disembala 1903 pafupi ndi Kitty Hawk, idali ndi injini imodzi yoyendetsa mapulopela awiri ndi matcheni ngati a njinga, ndipo tcheni chimodzi adachipingasa kuti mapulopelawo azizungulira mosiyana. Ndege zophunzitsira za injini ziwiri monga Piper Seminole zimachita chimodzimodzi: masamba otsika onse ali mkati, pafupi ndi thupi, ndipo palibe injini yoopsa kuposa inzake. Ndege ya nkhondo ya P-38 Lightning idazunguliza mapulopela ake mosiyana koma masamba otsika ali kunja, kotero kuti iliyonse mwa injini zake ikafa, yotsalayo inkakhala ya mkono wautali. Pa injini zathu zamafuta kubweza kazunguliridwe nkovuta. Pa mamota amagetsi amene afala masiku ano nkosavuta konse: mota ili ndi mawaya atatu, mukasinthanitsa awiri alionse imazungulira chobwerera, ndipo chotsala nkugula pulopela wa mbali imeneyo. Mukatero lunjikitsani mamota onse awiri, nkhani ya kumanja yatha. Chenjezo limodzi lokha: mamota awiriwo amwe pa batire imodzi, kapena mabatire olumikizidwa pamodzi. Iliyonse ikakhala ndi batire yakeyake, ina idzatha msanga, mota yake nkuzima inzake ikukokabe, ndipo mwabwerera ku ngolo ija.

Tsopano tsiku la tsoka lenilenilo. Chimene chimalimbana ndi injini yotsala ndi chiwongolero cha kumchira, rudder, chimene pa ngalawa timati tsigiro. Mphamvu yake imachokera ku mphepo yodutsa, ndipo imatsata sikweya ya liwiro la ndege: liwiro likatsika ndi theka, chiwongolero chimatsala ndi gawo limodzi mwa anayi a mphamvu yake. Pamene pulopela, liwiro likamatsika, ndi pomwe amakoka kwambiri. Pali liwiro lina pamene awiriwa amalingana, ndipo kunsi kwa liwiro limenelo ngakhale mukankhe chiwongolero mpaka kumapeto, injini ipambana. Pa ndege zenizeni zing'onozing'ono za injini ziwiri liwiroli amalilemba ndi mzere wofiira pa geji. Ife oima pansi tilibe geji. Tili ndi maso okha, ndipo kuno kwathu maso ayenera kuzolowera kuona ndege ikuthamanga kuposa momwe mabuku olembedwera m'mphepete mwa nyanja zamchere amanenera. Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, pamene mpweya ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo kutentha kwa Okutobala kumaupepukitsanso. Injini imafooka, phiko limafuna liwiro lochuluka.

Vuto lina ndi kudziwa kuti yafa ndi iti. Musaganize kuti nchapafupi. Pa 8 Januwale 1989 ndege ya Boeing 737 ya British Midland, yochoka ku London kupita ku Belfast, idawonongeka injini ya kumanzere. Oyendetsa adazimitsa ya kumanja, imene idali yabwino, ndipo ndegeyo idagwa pafupi ndi mudzi wa Kegworth, nkufa anthu 47. Pa 4 Febuluwale 2015 ku Taipei ndege ya ATR 72 ya TransAsia, m'bale wake wamkulu wa ATR 42 ija inkauluka ndi Air Malawi kampaniyo isanathe mu 2013, idagwera mu mtsinje oyendetsa atazimitsa injini yamoyo. Adafa anthu 43. Awa adali akatswiri, atakhala m'kati mwa ndege, mageji ali pamaso pawo. Nanga munthu woima m'bwalo la mpira, ndege ili mamita 150 uko, ikubwera chomuyang'ana kotero kuti kumanja kwake ndi kumanzere kwa iye?

Choncho lamulo limene ndimaphunzitsa aliyense wogwira wailesi ya ndege yotere ndi losafuna kuganiza. Kulira kukangosintha, kapena ndege ikangotembenuka yokha, tsitsani moto wonse, gwetsani mphuno. Injini zonse zikakhala chete palibenso chopotoza, ndipo muli ndi ndege wamba yoyandama imene aliyense angathe kuiteretsa. Ngati muli m'mwamba mokwanira ndipo liwiro labwerera, onjezerani moto pang'onopang'ono. Kumene mphuno ipite ndiko kuli yakufa, ndipo mukankhe chiwongolero mbali inayo, phiko la injini yamoyo litatsika pang'ono. Pokhota, khoterani ku injini yamoyo. Kuyesa kukwera ndi injini imodzi ayi: ophunzira kuyendetsa ndege zenizeni amauzidwa kuti kutaya theka la mphamvu kumachotsa magawo 80 pa 100, kapena kuposerapo, a kukwera kwa ndege, chifukwa ndege imakwera ndi mphamvu yotsala ikatha kudzinyamula. Kutera m'chimanga ndi mapiko athunthu kumangofuna kupepesa mwini munda.

Ponyamuka ndi pamene zonsezi zimakumana, moto uli wonse, liwiro lili lochepa, nthaka ili pafupi. Tsegulani moto pang'onopang'ono kuti injini zonse zidzuke limodzi, ndipo ilekeni ndege ithamange pansi mtunda wautali kuposa umene mtima ukufuna.

Mtundu wa ndege nawo umathandiza kuposa mawasha. Wongoyamba asankhe yofanana ndi Twin Otter kapena Islander, ya mapiko apamwamba otambalala, chipsepse chachikulu, injini zoyandikira thupi. Ndege ngati B-25 Mitchell ili ndi zipsepse ziwiri, chilichonse kumbuyo kwa pulopela wake, kumene mphepo ilipo yambiri. Mosquito ndi yokongola kwambiri ndipo aliyense amaisirira, koma nsonga za mapiko ake nzopyapyala ndipo sikhululuka. Sentimita iliyonse imene mwasendeza injini kufupi ndi thupi pomanga ikuposa madigiri 3 aja.

A Mphunzitsi Wamkulu adandifunsa panja paja ngati zimenezi zingapindulire ana a kalabu ya sayansi. Mu 2017 boma ndi UNICEF adatsegula malo oyesera ndege zopanda woyendetsa ku Kasungu, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe. Kandege ka mapulopela anayi kamene mumakaona kakujambula pa ukwati kamayenda ndi masamu omwewa: mapulopela awiri amazungulira uku, awiri uko, ndipo kamakhota posiyanitsa mphamvu zawo. Ndege ya foam ya mamota awiri amagetsi ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi iyi, ndipo mwana amene wayeza madigiri ake ndi ulusi ndi rula sadzafunsanso kuti sine ndi tangent ntchito yake nchiyani. Ngati bungwe lathu lingagule zipangizo za ndege ziwiri zotere, ine ndidzabwera Loweruka limodzi pa mwezi, ndipo chilolezo cha oyang'anira za ndege ndi malo oulutsira otalikirana ndi nyumba ndidzazilondola ndekha. Nkhaniyo ndaisiya m'manja mwa Msungichuma.

Ndege ili apayi ilibe mafuta, ndipo timitengo toyezera ndamangiratu. Ulusi, chitsulo ndi rula zili pambali pake. Pa nthawi ya tiyi bwerani muyeze nokha, mundiuze kuti injini ya kumanja yakhota madigiri angati. Anzanga a Fomu 4B, amene munkakhala kumbuyo nthawi ya masamu, muyambe ndinu.